MADOTOLO OSALASA NYELETI: ANTHU AMENE AMAPIMA MATENDA A ZIPATALA ZATHU

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chadiza

Mwezi wa Febuluwale, pamene mvula yakhazikika ndipo makwawa a m'boma la Chadiza adzala madzi, ndiyo nthawi imene munthu amadziwa bwino kutalika kwa mtunda wocokera pakhomo pace kukafika ku cipatala. Tiyerekeze kuti pa mudzi wina wa kwa Mfumu Mwangala mai wapakati wayamba kumva zowawa pakati pa usiku. Azimai akuluakulu apangana, mwamuna wathamanga kukabwereka ngolo, ng'ombe zamangidwa m'goli, ndipo ulendo wayambika m'matope.

Moyo wa mai ameneyu ndi wa khanda lace wapacikika pa mafunso anai. Kodi ngolo idzaoloka pa khwawa? Kodi pa kiliniki adzapeza mzamba, kapena mzambayo ali yekha ndipo anaitanidwa ku msonkhano ku Boma? Kodi mankhwala oletsa kutaya magazi alimo m'nyumba yosungiramo mankhwala? Nanga zinthu zikavuta, kodi ambulansi ili ndi mafuta oti imtengere ku cipatala cacikulu?

Mwa mafunso onsewa palibe limene dotolo angaliyankhe pomvetsera pa cifuwa ca wodwala kapena poyang'ana magazi pa makina. Awa ndi matenda a kayendetsedwe ka zipatala, ndipo nawonso amapha anthu monga m'mene acitira malungo. Alipo anthu amene anaphunzira kupima matenda otere kufikira analandira digiri yapamwamba kopambana, imene ichedwa PhD. Nawonso amachedwa madotolo, ngakhale ambiri a iwo salasa nyeleti kapena kung'amba munthu. Nkhani yathu mlungu uno ikufotokoza nchito yao, ndi m'mene boma la Chadiza linalowera m'mabuku ao.

MAPHUNZIRO ACE

Wofuna digiri imeneyi amayamba wapata digiri yoyamba, monga ya unamwino, ya udotolo, ya zacuma kapena ya ciwerengero, ndipo pambuyo pace amapata yaciwiri, ya umasitala. Akatero amasankha funso limodzi lokha limene palibe munthu analiyankhapo mokwanira, nakhala nalo zaka zitatu, zinai, mwina kuposerapo. Amalemba m'mene adzafufuzira, amapempha cilolezo, amayenda m'makiliniki ndi m'midzi kufunsa anthu ndi kuwerenga mabuku a odwala, ndipo potsiriza amalemba buku lalikulu. Bukulo amakaliteteza pamaso pa akatswiri amene nchito yao ndiyo kufunafuna pamene pali pofooka. Akakhutira iwo ndi pamene munthu amachedwa dotolo.

Nanga amene asankha za kayendetsedwe ka zipatala amayang'ana ciani? M'caka ca 2007 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, la WHO, linafotokoza kuti nchito ya zaumoyo m'dziko lililonse imaima pa mizati isanu ndi umodzi. Mizatiyo ndi iyi: thandizo limene wodwala amalandira, anchito a m'zipatala, mankhwala ndi zipangizo, ndalama, mabuku ndi ziwerengero, ndi utsogoleri.

Aliyense amene anamangapo nkhokwe adziwa kuti mzati umodzi ukadyedwa ndi ciswe nkhokwe yonse imapendama, ngakhale inayo ikhale yamtengo wolimba. Kiliniki yokhala ndi namwino waluso koma yopanda mankhwala imabweza anthu manja lende. Ina yodzala ndi mankhwala koma yopanda wolemba bwino m'buku imalandira katundu wosayenerana ndi odwala ace mwezi wotsatira. Wofufuza amafuna kudziwa mzati umene wadyedwa, cifukwa cace, ndi mtengo woukonzera.

NDALAMA ZA PA CITSEKO

Kuti timvetse phindu la nchito imeneyi tiyenera kuceuka m'mbuyo pang'ono. Titalandira ufulu mu 1964, Boma linalamula kuti cithandizo m'zipatala zace cikhale caulere. Mu 1978 maiko anasonkhana ku Alma-Ata napangana kuti umoyo uyambire ku mudzi, ndipo dziko la Zambia linayamba kutsata mfundo imeneyi mu 1981. Koma mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndalama za Boma zinacepa, ndipo mashelefu a m'makiliniki anayamba kuoneka mbee.

Mu 1992 Boma latsopano linakonza kayendetsedwe kena, kopatsa maboma mphamvu zolinganiza okha nchito zao za umoyo, ndipo mu 1993 odwala anayamba kulipira pa citseko. Akuluakulu a ku Chadiza akumbukira masiku amenewo, pamene munthu anali kuyamba wagulitsa nkhuku kapena mbale ya nshawa asanatengere mwana ku kiliniki. Mu 2006 Mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa analengeza kuti kuyambira pa 1 Epulo caka comweco malipiro athe m'maboma 54 a kumidzi, ndipo Chadiza anali m'gulu limeneli. Mu Januwale 2012 lamulo linafika m'makiliniki a dziko lonse.

Tsono kodi kucotsa malipiro kunathandiza? Munthu wamba angati yankho ndi loonekeratu, koma ofufuza sanagwirizane msanga. Dr Felix Masiye wa pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzace, anawerenga mabuku a m'makiliniki napeza kuti obwera ku makiliniki a Boma a kumidzi anaonjezeka ndi pafupifupi theka. Patapita zaka, mu 2018, ofufuza ena a ku London anasindikiza zimene anapeza atawerenga mayankho amene mabanja anapereka pofunsidwa m'makomo mwao. Iwo anaona kuti ndalama zimene mabanja anali kutaya pa matenda zinatsika kwambiri, koma ciwerengero ca odwala ofuna cithandizo sicinasinthe kwenikweni: zioneka kuti ena anangosiya kumene anali kulipira napita kumene kunali kwaulere.

Magulu awiriwa sanali kunama ai. Buku la pa kiliniki limalemba munthu amene wafika, ndipo silidziwa kanthu za amene watsala kumudzi. Phunziro lace ndi lakuti ndalama za pa citseko zinali mpanda umodzi cabe. Mai wokhala makilomita ambiri kucokera ku kiliniki amalipirabe ndi miyendo yace, ndi tsiku la kumunda limene wataya, ndi ndalama ya njinga. Boma likadziwa zimenezi limadziwanso kuti pambuyo pocotsa malipiro liyenera kufupikitsa mtunda.

CHADIZA ANALI MUYESO

Anthu ambiri a kuno sadziwa kuti boma lao linakhalapo m'kati mwa kufufuza kwakukulu kwa za ndalama za zipatala. Nkhani yace inayambira kwa anansi athu ku Katete ca m'ma 2008, kumene Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi Banki ya Dziko Lonse, unayesa njira yolipira kiliniki monga mwa nchito imene yagwira. Mai akabereka m'manja mwa mzamba wophunzira, kiliniki inali kulandira ndalama yakutiyakuti. Mwana akatsiriza katemera yense, ndalama ina. Mai wapakati akabwera ku sikelo kapena akapimidwa magazi, inanso. Gawo lina la ndalamazo linali kugawidwa kwa anchito monga mphotho, ndipo lotsala linali kugula zofunika pa kiliniki. Oyendera anali kubwera kudzaona ngati zolembedwa m'buku zinali zoona.

Njirayo inaoneka yabwino, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Panafunika kudziwa ngati zinthu zinasintha kaamba ka mphotho, kapena kaamba kakuti kiliniki yaona ndalama zimene kale inalibe. Motero kuyambira mu Epulo 2012 kufikira mu Okutobala 2014 maboma 30 anagawidwa patatu mwa maere. Maboma khumi analandira ndalama monga mwa nchito. Khumi ena analonjezedwa ndalama zoonjezera popanda kuwerenga nchito ndiponso popanda mphotho kwa anchito. Khumi otsala anapitiriza monga mwa masiku onse. M'cigawo cino ca Kum'mawa maere anaika Lundazi m'gulu loyamba, Nyimba m'gulu laciwiri, ndipo Chadiza m'gulu lacitatu.

Kunena kwina, Chadiza anali muyeso. Monga mlangizi wa zaulimi amasiya mzere umodzi wopanda fetereza kuti alimi aone kusiyana, makiliniki a kuno ndiwo anali mzere umenewo. Ofufuza anafunsa mabanja ndi kuyendera makiliniki nchito isanayambe, nabweranso itatha.

Zotsatira zinatuluka mu 2016. Poyerekeza ndi maboma a gulu la Chadiza, azimai oberekera ku cipatala anaculuka m'maboma olipidwa monga mwa nchito. Koma cimene cinadabwitsa ambiri ndi cakuti anaculukanso, mosacepera, m'maboma a gulu la Nyimba, ngakhale kuti kumeneko ndalama zolonjezedwa sizinafike zonse. Pa mbali zina, monga ubwino wa cisamaliro ndi kukhutira kwa anchito, njira ya mphotho inaonetsa phindu lace. Komabe mfundo yaikulu inamveka kufikira ku maiko ena: ndalama zikafika pa kiliniki penipeni, m'manja mwa anthu odziwa cimene casoweka, nchito imayenda.

Wina angafunse ngati cinali cilungamo kuti azimai a ku Chadiza akhale muyeso pamene anzao a ku Lundazi anali kulandira zoonjezera. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ophunzira a PhD amalimbana nalo m'kalasi. Yankho limene limaperekedwa ndi lakuti ndalama sizinali zokwanira maboma onse, kuti palibe cimene Chadiza analandidwa pa zimene anali nazo kale, ndi kuti maere sakondera. Koma pali ngongole imene imatsala: anthu amene anayankha mafunso ayenera kuuzidwa zimene zinapezeka, m'cinenero cao, ndipo ayenera kukhala pakati pa oyamba kudya zipatso zace.

BOKOSI LOMATA

Citsanzo cina cikhudza mankhwala. Kale katundu anali kucoka ku nkhokwe yaikulu ya mankhwala ku Lusaka kupita ku nyumba yosungiramo ya pa boma, ndipo a pa boma ndiwo anali kugawira makiliniki. Kawirikawiri mankhwala anali kupezeka pa boma pamene ku kiliniki ya kutali kunalibe.

Mu 2009 ndi 2010 Unduna unayesa njira ziwiri m'maboma 16, ndipo ena asanu ndi atatu anali muyeso. M'njira yoyamba anaika munthu wapadera pa boma woyang'anira maoda. M'njira yaciwiri kiliniki iliyonse inali kulemba yokha zimene ifuna, a ku Lusaka anali kulongedza bokosi lomata lolembedwa dzina la kilinikiyo, ndipo a pa boma anali kungolipititsa osalitsegula. Njira yaciwiri ndiyo inapambana. Makiliniki osowa mankhwala a malungo a ana anatsika kucoka pa 48 kufika pa 13 mwa makiliniki 100 alionse, ndipo masiku okhala opanda mankhwalawo pa miyezi itatu anatsika kucoka pa 27 kufika pa 5.

Palibe mankhwala atsopano amene anatulukiridwa pamenepa. Cimene cinasintha ndi njira ya pepala ndi njira ya bokosi, koma mwana wotentha thupi anapeza mankhwala tsiku limene anafika. Nkhokwe ya ku Lusaka ija, imene inali kuchedwa Medical Stores Limited, inasanduka bungwe la ZAMMSA mu 2021.

ANA A DZIKO LINO

Nchito yotere siigwiridwa ndi alendo okha. Alipo ana a dziko lino amene anapata PhD pofufuza zipatala za kumidzi, ndipo zimene anapeza zimveka ngati anali kunena za kwathu kuno.

Dr Cephas Sialubanje anafufuza m'boma la Kalomo, ku cigawo ca Kumwera, cifukwa cimene azimai ena anali kuberekerabe kunyumba, ndipo analandira digiri yace ku Yunivesite ya Maastricht m'dziko la Netherlands mu 2016. Anapeza kuti azimai ambiri anali kudziwa ubwino wa cipatala. Cimene cinali kuwabweza ndi mtunda, kusowa zovala za khanda ndi zina zimene anali kuuzidwa kubweretsa, kudikira mau a mwamuna, ndiponso mkhalidwe wa nyumba zodikiriramo, zimene zina zinalibe mabedi, madzi kapena cakudya. Kudzudzula mai wotere kuti ndi mbuli ndiko kulasa mtengo nyama ili apo.

Dr Joseph Mumba Zulu analandira yace ku Yunivesite ya Umeå m'dziko la Sweden mu 2015. Iye anatsata athandizi a zaumoyo a m'midzi, amene gulu lao loyamba la anthu 307 linaphunzitsidwa caka cimodzi ku Ndola ndi kutumizidwa m'midzi mu 2012. Colinga cinali cakuti athere masiku ambiri akuyenda khomo ndi khomo, ndi ocepa pa kiliniki. Dr Zulu anaonetsa kuti kuphunzitsa munthu ndi kumtuma sikukwanira: pamene anchito anzace sanauzidwe bwino za udindo wace, pamene malipiro anacedwa, ndi pamene kiliniki inalibe anthu okwanira, nchito ya m'midzi inali kutsalira.

Pa athandizi omwewa panacitikanso kufufuza kwina kocititsa cidwi. Powaitana mu 2010, m'maboma ena munakhomedwa cikalata conena za kutumikira mudzi, ndipo m'maboma ena cikalata conena za mwai wokwera pa nchito. Ambiri anaopa kuti caciwirici cidzakopa anthu odzikonda. Koma amene anabwera kaamba ka cikalata caciwiri anayendera makomo oculuka ndi 29 pa 100 alionse kupambana anzao. Mtsikana wa kumudzi wofuna kudzakhala namwino tsiku lina sasiya kukonda anthu a kwao.

Dr Wilbroad Mutale anacita PhD yace pa sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine, poyesa nchito yokweza makiliniki 42 m'maboma a Chongwe, Kafue ndi Luangwa. Mwa zina anaona kuti kiliniki ikayamba kugwira bwino mbiri imamveka, odwala amaculuka, ndipo anchito ocepa omwe aja amalema, mizere nitalika. Walira mvula walira matope: wokonza mzati umodzi ayenera kukonzekera kulemera kumene kudzagwera inayo.

Kale wofuna maphunziro otere anali kuyenera kuoloka nyanja. Sukulu ya udotolo ya pa Yunivesite ya Zambia inatulutsa madotolo ace oyamba mu 1973, ndipo mu 2016 inagawidwa, pakubadwa Sukulu ya Umoyo wa Anthu Onse pa Ridgeway mu Lusaka. Lero munthu angathe kucita PhD ya zaumoyo osacoka m'dziko muno.

ZIMENE ZASINTHA

Kuti nchito ya Boma, ya mamishoni, ya mafumu ndi ya ofufuza yabala zipatso, ziwerengero zikucitira umboni. Kufufuza kwa dziko lonse kwa mu 2001 ndi 2002 kunapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, azimai 729 anali kumwalira pa nthawi ya pakati, pobereka kapena atangobereka. Mu 2007 anali 591, mu 2013 ndi 2014 anali 398, ndipo mu 2018 anali 278. Ana obadwira ku cipatala anali 48 pa 100 alionse mu 2007, nafika 84 mu 2018.

Kuno ku Chadiza, kwa zaka zambiri wodwala wofunika opaleshoni anali kutumizidwa ku Mwami, ku St Francis ku Katete kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata, pakuti boma lino linalibe cipatala cacecace. Tsopano cipatala ca boma cilipo. Mu 2022 Boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse, ndipo caka comweco thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Koma azimai 278 ndi maliro 278, ndipo pa maliro alionse pamatsala ana.

MAFUNSO ODIKIRA MWINI

Boma la Chadiza lili ndi mafunso ace amene wobadwira kuno angawafunse bwino kupambana mlendo.

Loyamba ndi la malire. Kumwera kwathu kuli cigawo ca Tete ca dziko la Mozambique, ndipo cipata ca Chanida cili m'boma lino. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi Acewa a Kalonga Gawa Undi, okwatirana ndi olirana maliro, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ambiri a tsidya lija anathawira kuno pothawa nkhondo. Matenda safunsa citupa. Koma mankhwala ndi ndalama zimalinganizidwa poyang'ana ciwerengero ca anthu a m'dera la kiliniki. Kodi kiliniki ya m'malire imathandiza anthu angati amene sali m'ciwerengero cimeneco, ndipo katundu wace amatha pa tsiku liti la mwezi?

Laciwiri ndi la ulendo. Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti mai amafa kaamba ka kucedwa kutatu: kucedwa kugamula zopita ku cipatala, kucedwa pa njira, ndi kucedwa kuthandizidwa atafika. Kodi kwa Zingalume, kwa Mlolo ndi kwa Mwangala kucedwa kumene kumapha kwambiri ndi kuti? Yankho lace ndilo lingauze makhansala ngati ndalama za CDF ziyambire pa mlatho, pa nyumba yodikiriramo azimai, kapena pa nyumba ya mzamba waciwiri.

Lacitatu ndi la inshuwalansi. Lamulo la mu 2018 linakhazikitsa thumba la inshuwalansi ya zaumoyo la dziko lonse, loyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA, ndipo wolembedwa nchito amadulidwa pa malipiro ace mwezi ndi mwezi. Nanga mlimi wa cimanga, nshawa ndi soya, amene amaona ndalama kamodzi pa caka akagulitsa zokolola, angalowe bwanji ndi kukhalamo?

Lacinai ndi la kudzidalira. Mu 2025 boma la America linacepetsa kwambiri thandizo limene linali kupereka ku nchito za umoyo m'maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia. Mbali yaikulu ya kufufuza kumene tachula m'nkhani ino inalipiridwa ndi ndalama zakunja. Pamene thumba lacepa, kudziwa pamene Kwacha imodzi ingapulumutse anthu ambiri kumakhala kofunika koposa kale, ndipo dziko liyenera kukhala ndi anthu aceace odziwa kuwerengera zimenezo.

WOFUFUZA AKAFIKA PA MUDZI

Awerengi athu ayenera kudziwa kuti wofufuza saloledwa kungolowa m'mudzi ndi cikwama ca mapepala. Lamulo la kufufuza za umoyo la mu 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira nchito imeneyi m'dziko lonse, ndipo kufufuza kulikonse kuyenera kuyamba kwavomerezedwa ndi komiti yoona kuti anthu sadzapwetekedwa kapena kunyengedwa. Wofufuza weniweni amaonekera kwa akulu a zaumoyo pa boma, kwa mfumu ndi kwa nyakwawa, ndipo amaonetsa makalata ace.

Inu wofunsidwa muli ndi ufulu wouzidwa colinga ca mafunso m'cinenero cimene mumamva. Muli ndi ufulu wokana, kapena wolekera pakati, ndipo kukana kwanu sikungakutsekereni citseko ca kiliniki. Dzina lanu siliyenera kuoneka m'buku limene lidzalembedwa. Mukavomera, nenani zoona, ngakhale zowawa. Mukanena kuti zonse zili bwino kaamba koopa kukhumudwitsa namwino amene mumamdziwa, buku lidzanena kuti zonse zili bwino, ndipo a ku Lusaka adzakhulupirira bukulo.

Mau omwewa apite kwa anamwino ndi makalaliki amene amalemba m'mabuku a odwala dzuwa litapendeka, thupi litalema. Nambala imene mulemba pa kiliniki ya Tafelansoni, ya Zemba kapena ya Nsadzu imayenda kufika pa boma, ku Chipata ndi ku Unduna, ndipo ndiyo imene wofufuza adzaiwerenga zaka zisanu zikubwerazi. Ikakhala yongopeka, zonse zomangidwa pamwamba pace zidzakhala zopendama.

KWA ANA A SUKULU

Mnyamata kapena mtsikana wa pa sekondale ya Chadiza amene awerenga nkhani ino adziwe kuti njira ilipo, ngakhale ndi yaitali. Imayambira pa masamu, sayansi ndi Cingerezi. Ingapitire pa sukulu ya unamwino ya ku Chipata, ya ku Mwami kapena ya St Francis, ingapitirenso pa yunivesite. Ambiri amene anafika pa PhD ya mtundu uwu anayamba agwira nchito m'zipatala za m'maboma, ndipo funso limene anadzalifufuza analitola komweko, pa mzere wa odwala. Ndalama za maphunziro apamwamba kawirikawiri zimapezeka mwa kupikisana, ndipo amene amapambana ndi amene ali ndi funso lomveka ndi mbiri ya nchito yabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo nawonso asafulumire kukwatitsa mwana wamkazi amene mutu wace ukugwira. Mwana amene anakwerapo ngolo usiku kuperekeza mai wace adziwa kale zinthu zimene wophunzira wa ku London amayamba wazifunsa kwa womasulira.

M'kufufuza kwa mu 2012 Chadiza anali mzere wosiyidwa kuti ena ayeserepo. Makiliniki, mabuku ndi mafunso zilipo. Cotsala ndi cakuti mwana wa kuno adzakhale wogwira muyeso, abwere ndi zimene wapeza ku bwalo la mfumu ndi ku msonkhano wa khonsolo, ndi kuzifotokoza m'Cinyanja kwa anthu amene anamuyankha mafunso.